Khonde la Wan-ju

Ting Wan-ju ndinkakhala naye benchi imodzi kupulayimale, ndipo nthawi imeneyo anali kale munthu wosalola kuti nkhani ithe iye asanaimvetse. Aphunzitsi akanena kuti mawa tibwere ndi matsache, enafe tinkangoti chabwino, koma iye ankakweza dzanja n'kufunsa kuti wagamula zimenezo ndani. Ankamenyedwa m'manja kawirikawiri, osati chifukwa cha mwano, koma mafunso. Bambo ake, a Ting, anali mlimi wa nkhono za m'nyanja ngati abambo athu tonse. Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, choncho anakula ndi bambo okhaokha m'nyumba yonunkha mchere, kuseri kwa mulu wa zigoba.

Atamaliza sekondale anapita kumzinda waukulu wa Taipei, ine ndinatsala. Ndinakwatiwa ndi Chun-hao, wokonza mapampu a m'maiwe a nsomba, n'kutsegula kamalo kogulitsira chakudya cha m'mawa pafupi ndi kachisi: mkaka wa soya, mikate yophika ndi nthunzi, mazira. Wan-ju anapeza ntchito pakampani yolemba mapulogalamu a pafoni, ndipo gawo lake linali kufufuza pamene anzake alakwitsa. "Amandilipira kuti ndiziwononga zinthu zisanafike kwa anthu," ankatero. Kuno ankabwera pa Chaka Chatsopano komanso pa chisankho, poti munthu umavotera kumene unalembetsa, ndipo ngati uli kutali uyenera kukwera sitima. Anzathu ambiri sankadzivutitsa n'komwe. Iye sanaphonyepo.

Kenako a Ting anagwa ali m'madzi, akumangirira zingwe za nkhono. Inali sitiroko. Anapulumuka, koma mbali yakumanja inafa ndipo lilime linalemera, moti mawu ankatuluka limodzilimodzi ngati akuwakoka m'chitsime. Wan-ju anasiya ntchito n'kubwerera. Anapeza tauni yomwe anaisiya ija, kungoti itachepa. Nthaka ya kugombe kuno inali ikutitimirabe chaka ndi chaka, nyumba zina mawindo atafika m'mawondo, ndipo mumsewu munkangoyenda okalamba ndi agalu.

M'mawa uliwonse akawasambitsa bambo ake ankabwera nawo panjinga ya olumala kudzadya kwa ine. Tsiku lina tinamva atsikana a sekondale akudandaula patebulo loyandikana nalo. Wolankhula kwambiri anali Kai-ning, mwana wa a Lu, mlimi mnzawo wa a Ting. Basi yamadzulo yochokera kuboma, kumene kuli sekondale, inali itathetsedwa, ndiye ana ankasiya maphunziro owonjezera kuti athamangire basi yomaliza ya masana.

"Mwauza ndani?" Wan-ju anatembenuka n'kufunsa.

"Tiuze ndani, asisi? Ameya amatidziwa ife?" anayankha Kai-ning.

"Nanga kumsonkhano wa makhansala?"

"Umachitika Lachitatu m'mawa, ife tili m'kalasi. Komanso angamvere munthu wosavota? Kwa iwo ife ndi agalu a mumsewu n'chimodzimodzi. Agalu bola, amawaopa."

Anzake anaseka, koma Wan-ju sanaseke. Ndinaona nkhope ija ya kupulayimale ndipo ndinadziwa kuti kwayambika.

Kwa miyezi ingapo laputopu yake inkakhala patebulo langa lakukona, bambo ake akuwodzera pambali. Anapanga tsamba la pa intaneti limene aliyense wolembetsa m'tauni muno, kaya ali kuno kaya ali ku Taipei, akanatha kulembapo vuto, ena n'kuliyankha, kenako onse n'kuvotera loti liyambe kukonzedwa. Ana a sekondale nawonso ankaloledwa. Analitcha Khonde, chifukwa nkhani za tauni ino zimathera pamakonde a masitolo, pamene madoda amamwera tiyi. "Ifenso tikhale ndi lathu," anatero.

Chimodzi chokha tinakangana. Iye ankafuna kuti aliyense azilemba ndi dzina lake lenileni.

"Iwe Wan-ju, Taipei yakuiwalitsa kwanu eti?" ndinamuuza. "Kuno munthu akayetsemula kumsika, kudoko amva. Ukufuna ana a eni ake aziika mayina?"

"Pei-fen, tikabisa mayina, kuofesi ya ameya adzati ndine ndekha ndikulemba zonsezi. Apo ayi adzati ndi adani a dziko lathu a kutsidya kwa nyanja akufuna kutisokoneza. Aone mayina, adziwe kuti ndi ana awo."

"Ndicho chimene ndikuopa chimenecho."

"Iwe unabadwa wamantha. Thira mkaka uko."

Poyamba zinayenda moti inenso ndinachita manyazi ndi mantha anga. Anthu amene tinawaiwala anatulukira pa Khonde: wina ali kufakitale ku Taichung, wina namwino ku Kaohsiung, wina woperekera zakudya panjinga yamoto ku Taipei. Ankalemba nthawi yopuma kuntchito. Analemba za basi, za kachipatala kathu kopanda dokotala wa ana, za pampu yakudoko imene imafa mvula ikachuluka. Namondwe atadutsa, ana a sekondale anayenda ndi mafoni kujambula misewu yonse yosefukira, ndipo Wan-ju anaiika pamapu amodzi. Masiku amenewo ankaiwala kudya, koma ankawala ngati wakwatiwa kumene. Ngakhale a Ting ankaloza laputopu ija ndi dzanja lawo lamoyo n'kumauza makasitomala anga kuti, "Wa... nga."

Atolankhani atalemba za Khonde, meya wathu, a Chiu, anafika kwa ine ndi wojambula zithunzi. Anamugwira Wan-ju dzanja ndi manja awiri. "Mwana wanga, bambo ako ndinakula nawo ine. Izi ndiye zimene takhala tikufuna. Achinyamata alankhule!" Pomwepo analonjeza kuti chimene chidzapambane pa Khonde chaka chimenecho, ofesi idzachita.

Voti inatsegulidwa, ndipo nkhani ya basi inatsogola kutali. Kenako panaonekera ganizo latsopano: chipinda cha karaoke, choimbiramo nyimbo motsatira mawu a pakanema, chokhala ndi makina oziziritsa, kumalo ochezera okalamba. Amene analilemba ndi a Tseng, amene amapikula nkhono za alimi ambiri kuno n'kumatumiza kumizinda. Aliyense amadziwanso kuti ndi mzati wa a Chiu, munthu wowasonkhanitsira mavoti. Pa chakudya chamasana cha okalamba, a Tseng ankayenda tebulo ndi tebulo. Agogo amene foni zawo zinkangolandira zithunzi za maluwa zolembedwa kuti mwadzuka bwanji anayamba kufika kwa ine m'magulu kudzafuna Wan-ju kuti awalembetse. Iye anawalembetsa onse, mmodzimmodzi, n'kumawakulitsira zilembo kuti aziona bwino. Akanakana bwanji?

Karaoke inapambana.

Wan-ju anakumana ndi a Tseng pakhomo panga m'mawa wotsatira. "Amalume, mukudziwa kuti tsamba lija linali la achinyamata."

"Iii, mwanawe, sunati aliyense wolembetsa m'tauni muno? Agogowa si anthu? Alipo amene ndamugwira chala?"

"Ana akusiya maphunziro chifukwa cha basi."

"Ana angati? Tawawerenga, kenako uwerenge agogo. Walira mvula walira matope, mwana wa Ting. Pei-fen, tandikulungira mikate inayi."

Chimene chinamupweteka kwambiri anandiuza patapita masiku. Bambo ake nawonso anapempha kuvota. Iye anawagwirira foni, ndipo chala chawo chinadumpha basi n'kukagwa pa karaoke. Ataganiza kuti aphonya, anabweza, koma iwo anadinanso pomwepo. A Ting sankatha kunena chiganizo chathunthu, koma nyimbo zakale ankaziimba kuyambira poyamba mpaka kumapeto osaphonya liwu. Chipinda chija chitamangidwa, Wan-ju ankawakankhira kumeneko yekha, n'kukhala panja kumamvetsera bambo ake akuimba.

"Ndikwiyire ndani tsopano?" anandifunsa.

Khonde silinafe pamenepo. Ena anagwa ulesi, koma Kai-ning ndi anzake anapitiriza. Patapita chaka ndi miyezi, iye atayamba sukulu ya unamwino ku Taichung, anabwera patchuthi n'kuona malole akudutsa kanjira kopita kumaiwe akale, amene eni ake anasiya kuwetamo nsomba. Anawatsatira panjinga yamoto. Malolewo ankakhuthula m'maiwemo zidutswa za nyumba zogumulidwa, mapulasitiki ndi dothi lina lakuda lonunkha mankhwala, ndipo madzi ake ankatsikira mumfuleni wopita kumene kuli nkhono. Tonse tinkawaona malole amenewo. Tonse tinkadziwanso kuti maiwewo anabwerekedwa ndi mlamu wa a Tseng. Kai-ning anajambula kanema, manambala a malole akuoneka, n'kuika pa Khonde, dzina lake lili pamwamba.

Anthu a m'mizinda anakwiya, analemba, anatumizirana. Akuboma oona za chilengedwe anabwera, anayeza madzi, dalaivala mmodzi analipitsidwa chindapusa. Malole anasiya kwa kanthawi.

Palibe amene anakalipira a Lu. Kungoti nyengo yokolola itafika, galimoto ya a Tseng inkadutsa pakhomo pawo osaima. A Lu ataimbira wopikula wina, iye anati katundu wakwana. Wachitatu sanayankhe foni. Kumalo ogulitsira ayezi anawauza kuti watha, pamene ngolo ya mnzawo inali kupakira pomwepo. Nkhono zotsegulidwa kale sizidikira munthu. Amayi a Kai-ning anayesa kukagulitsa okha kumsika wa kuboma, koma zambiri zinawonongeka.

Ndinalipo tsiku limene a Lu anapita kwa Wan-ju, chifukwa ndinali nditaperekako chakudya. Anakana kulowa. Anaima pakhomo chipewa chili m'manja.

"Amalume, lowani mumwe tiyi."

"Ayi, ndaimaima. Ndangobwera kudzafunsa. Iwe unaphunzira, unakhala ku Taipei. Sunadziwe kuti zikhala chonchi?"

"Amalume, zimene anajambula Kai-ning n'zoona. Madzi amenewo akulowa m'nkhono zanu zomwe."

"Ndikudziwa kuti n'zoona. Ndani sakudziwa? Ndikufunsa za dzina. Uja ndi mwana. Unamusiyiranji aike dzina?"

A Lu anasuzumira m'kati, anaona a Ting ali panjinga yawo, anawerama pang'ono n'kunena kuti, "Achimwene, pepani phokoso." Kenako anavala chipewa n'kumapita.

Madzulo ake kanema uja anachotsedwa, ndipo m'malo mwake Kai-ning analemba mizere iwiri yopepesa kwa akuluakulu a m'tauni chifukwa chofalitsa zinthu asanazimvetse. Aliyense anadziwa kuti mawuwo sanali ake. Galimoto ya a Tseng inayambanso kuima kwa a Lu, koma inkafika pomalizira, ikatsala ndi malo.

Kuyambira pamenepo pa Khonde pankangoikidwa zithunzi za agalu osochera ndi zidziwitso za maliro. Wan-ju anasintha malamulo kuti anthu azibisa mayina. Sabata isanathe panadzaza zotukwana, wina kunena kuti mkazi wa uje amayenda ndi uje, wina kunena kuti Wan-ju akulipidwa ndi chipani. A Chiu atafunsidwa ndi mtolankhani anayankha mwaulemu kuti ofesi singagwire ntchito ndi mawu a anthu osadziwika.

Ndinkaganiza kuti asiya. Koma chisankho cha makhansala cha 2022 chitayandikira, anayamba kuimbira foni achinyamata aja mmodzimmodzi kuti wina aime. Onse anakana, ndipo sindiwada. Wina bambo ake ali ndi malo mumsika wa tauni, wina mayi ake amaphika kusukulu. Tsiku lina anangofika kwa ine atavala chovala chapamwamba cholembedwa dzina lake kumsana, chija amavala opikisana.

"Usaseke," anatero.

"Iwe? Iwe amene sutha kupereka moni kwa anthu?"

"Ndiphunzira. Mwamuna wako andibwereke kalole kake."

Anaphunziradi. M'mawa ankaima pamphambano ya pakachisi n'kumawerama kwa galimoto iliyonse yodutsa, bambo ake ali pambali atagwira kambendera. Opikisana ena ankakonza maphwando a matebulo ambirimbiri, iye ankagawa timapepala ndi zophimba kukamwa. Ankadziwa kuti mavoti a okalamba ali kale ndi eni ake. Chiyembekezo chake chinali pa anthu a m'mizinda aja, amene mayina awo anali adakali m'kaundula wa kuno. Anawerengera kuti atabwera ngakhale theka lawo, mpando umodzi ukhoza kupezeka. Pa Khonde anaikapo batani lolembedwa kuti Ndibwera Kudzavota, ndipo anthu analidina mwaunyinji. Anasonkherana n'kubwereka mabasi awiri, ina yochokera ku Taipei, ina ku Taichung. Pa tsiku la chisankholo kunali kudzachitikanso riferendamu ya dziko lonse yofunsa ngati a zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu aziloledwa kuvota, m'malo modikira zaka makumi awiri. Wan-ju ankati imeneyo ndiye yaikulu kuposa mpando wake.

Amene ankakonza za basi ya ku Taichung anali Kai-ning. Kai-ning ndiye anamuimbira Wan-ju, koyamba chichokereni nkhani ija.

"Asisi, bambo asadziwe. Ine sindivota, zaka sizinakwane, koma kuwerenga mitu m'basi ndimatha."

"Kai-ning, ndinakulakwira."

"Dzina ndinaika ndekha. Mukanandiletsa ndikanakutukwanani. Tatumizani nambala ya dalaivala."

Pa tsiku la chisankho ndinatseka msanga, ndipo ine ndi Chun-hao tinaphika mphika waukulu wa msuzi wa nkhono ndi tizingwe ta ufa wa tirigu tonga supageti, woti alendo adye akatsika. Tinauika pabwalo la kachisi ndi milu ya mbale. Wan-ju sankaloledwa kuchita kampeni tsiku limenelo, choncho anavula chovala chija n'kungoima nafe, maso ali kumsewu.

Basi ya ku Taichung ndiyo inayamba kufika. Anatsika Kai-ning, kenako anyamata awiri, mtsikana wina ali ndi mwana m'manja, ndi ena ochepa. Tinadikira kuti ena atsike. Dalaivala anazimitsa injini, anatsika n'kuyatsa fodya.

"Ena ali kuti?" Wan-ju anafunsa.

Kai-ning anamupatsa foni yake. Mauthenga anali mndandanda. Abwana andikaniza tchuthi. Ndapezeka ndi matenda a kolona. Mnzanga wadwala, ndikugwira shifiti yake. Mwana watentha thupi. Pepani asisi, ndagona mochedwa. Mtima wanga uli nanu. Ambiri anaikapo kachithunzi ka manja opemphera.

"Si onse akunama," anatero Kai-ning.

"Ndikudziwa."

Ya ku Taipei inafika dzuwa litapendeka, ndipo inali yopepuka kuposa inzake. Amene anabwerawo anali okondwa, anatikumbatira, anadya, anajambulitsa ndi Wan-ju. Msuzi unatsala wambiri, moti tinaitana agogo amene ankachokera kovota kuti atithandize. Anadya mosangalala n'kumayamikira kuti mchere wakwana.

Kuvota kutatsekedwa tinapita kuholo ya sukulu kukaonerera kuwerenga. Amatulutsa pepala limodzi, kulikweza m'mwamba kuti onse alione, n'kutchula dzina mokweza, wina n'kulemba kamzere pabolodi. Tinaima kumbuyo. Dzina la mphwake wa a Tseng, amenenso ankapikisana nawo, linkamveka ngati nyimbo, mobwerezabwereza. La Wan-ju linkabwera patalipatali, ndipo likamveka Kai-ning ankandifinya dzanja. Kenako anasiya kufinya. Wan-ju anaonerera mpaka pepala lomaliza. Sanali womalizira, koma mpando unali kutali.

Za riferendamu tinazimvera pa wailesi yakanema kwa ine, tikutsuka mbale zija. Ovomereza anachuluka kuposa okana, koma sanafike pa chiwerengero chimene lamulo limafuna. Kai-ning anangoti, "Basi, tikadali ana," n'kupitiriza kupukuta mbale. Wan-ju anatuluka panja, ndipo ndinamusiya.

Mwambo wathu ndi woti wopikisana, wapambana kaya wagonja, azungulire tauni kuthokoza. Ndinamuuza kuti palibe amene angamunene akapanda kutero, koma m'mawa mwake anavalanso chovala chija n'kukwera kumbuyo kwa kalole ka Chun-hao. Ine ndinakhala kutsogolo. Tinayenda pang'onopang'ono misewu yonse, iye akuwerama uku ndi uku, chokuzira mawu chikubwereza kuti zikomo, zikomo nonse. Amayi otsegula zigoba m'makonde ankakweza timipeni tawo kumubayibitsa.

"Ndiwe mwana wabwino, Wan-ju! Bambo ako ali ndi mwayi!"

"Usadandaule, udakali wamng'ono! Upeze mwamuna tsopano!"

Ankamukondadi, ndipo pafupifupi onse sanamuvotere. Pakhomo pa a Tseng, eni ake anatuluka ndi botolo la tiyi wozizira n'kumupatsira m'mwamba momwemo. "Wayesetsa, mwanawe. Mmero uuma, imwa." Iye analandira ndi manja awiri n'kuwerama ngati kwa wina aliyense.

A Ting anamwalira nyengo yozizira yotsatira, ali m'tulo. Pamaliro panabwera tauni yonse, a Chiu anatumiza maluwa aakulu kuposa a wina aliyense, ndipo anzawo a kukaraoke anaimba nyimbo imodzi pabwalo. Chaka chomwecho a Lu anagulitsa zingwe ndi nsungwi zawo za m'nyanja n'kusamukira ku Taichung, kumene amalondera nyumba zosanja. Banja lonse linasamutsa mayina awo m'kaundula wa kuno. Malole anayambiranso, ndipo maiwe aja anadzaza mpaka kufanana ndi msewu. Pano pamwamba pake anayalapo magalasi a magetsi a dzuwa, ooneka bwino ndithu ukamadutsa.

Ndinkayembekezera kuti Wan-ju abwerera ku Taipei. Anayesa. Analembera makampani angapo, koma zaka zimene anakhala kuno zinali zambiri, ndipo ntchito yake ija ankati tsopano makina akuigwira okha. Anakhala miyezi m'nyumba ya bambo ake, akumatsegula zigoba ndi amayi a pakhonde loyandikana nalo kuti apeze ya mpunga. Manja ake sanazolowere, ankangokhala ndi mabala.

Amene anamupatsa ntchito ndi a Tseng. Anabwera kwa ine, iye ali patebulo lake lakukona, n'kukhala osaitanidwa.

"Mwana wa Ting, ana anga akuti masiku ano nkhono zimagulitsidwa pafoni. Ine zimenezo sindizidziwa. Iwe chinthu chija unapanga chinkagwira ntchito bwino, ngakhale agogo ankachitha. Undipangire changa."

Ndinaganiza kuti awathira mkaka wa soya kumaso. Koma iye anangofunsa kuti, "Muli ndi zithunzi za katundu wanu?"

A Tseng atapita ndinamuyang'ana. "Usandiyang'ane choncho, Pei-fen," anatero. "Nkhono zake ndi za alimi omwewa. Zikagulidwa, adya ndi iwowo." Sindinamutsutse, poti inenso a Tseng ndi kasitomala wanga wa tsiku lililonse.

Tsamba la a Tseng likuyenda bwino kwambiri. Ogula ambiri ndi ana a kuno omwe ali m'mizinda, ndipo pansi pa zithunzi amalemba kuti akusowa kwawo. Khonde analitseka yekha tsiku lina masana, ali patebulo lomwelo, osauza munthu. Ndinadziwa patapita sabata, nditafuna kuikapo chidziwitso cha mphaka wa apongozi anga. Palibe wina amene anafunsa.

Kumayambiriro kwa 2024, pa chisankho cha dziko lonse, Kai-ning anaimba foni Wan-ju ali kwa ine. Wan-ju anakweza mawu a foniyo kuti ndimve nawo. Kumbuyo kunkamveka magalimoto.

"Asisi! Ndavota! Ndangotuluka kumene. Ndimaopa kuti chidindo chovotera chithimbirira papepala."

"Wachita bwino. Panali anthu ambiri?"

"Mzere mpaka pakona, achinyamata okhaokha. Ndinakukumbukirani. Mukanakhala kuno mukanasangalala."

"Ubwera pa Chaka Chatsopano?"

"Aa, ndili pa shifiti. Komanso tifikira kwa ndani? Nyumba ija bambo anabwereketsa."

Anacheza pang'ono za kuchipatala kumene akugwira ntchito, kenako anatsanzikana. Wan-ju anaika foni pansi n'kumwa mkaka wake, umene unali utazizira.

Chisankho china cha makhansala chikubwera. Kudera lathu akuti chiwerengero cha amene akufuna kuima n'chofanana ndi cha mipando, ndiye kaya kudzakhala kuwerenga kotani. Ndinamufunsa posachedwapa ngati angayesenso.

"Kuimira ndani?" anandifunsa. Sananene mokwiya, anafunsa ngati akufunadi kuti ndimutchulire mayina. Ndinayamba kuganiza za ana a sekondale amene amadya kwa ine masiku ano, ndipo onse anakwana patebulo limodzi.

Foni yake inalira. Anayang'ana, anati wina ku Hsinchu akudandaula kuti bokosi lake lafika ayezi atasungunuka, ndipo ayenera kukaona kuti analongedza ndani. Analipira, anavala chipewa cha njinga yamoto, n'kulunjika kudoko.